Kuoloka malire pa cipata ca zii: ulendo wa pa galimoto wokaona kumene apanga vinyo

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a akulu, mudziwa nonse zimene zimacitika kuno mwezi wa Novembala ndi Disembala. Mapicesi amapsa onse nthawi imodzi. Amayi amasenza madengu kunka nawo ku msewu, wogula ndiye amachula mtengo, ndipo otsala amaolera pansi pa mitengo, nkhumba nkumadya. Mapulamu nawo cimodzimodzi. Koma tsidya lija la malire, mu mzinda wa Lilongwe, zipatso za mtundu womwewu amazisandutsa vinyo, naziika m'mabotolo amene amatha caka osaonongeka. Kucokera pa Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita ngati 85 basi. Gulu la anthu asanu kapena khumi likhoza kusonkha ya petulo, kukaona ndi maso, nkubwerako.

Tifuna kufotokoza za ulendo umenewu: cipata coolokera, mapepala ofunika, ndi zimene tikaone kumeneko. Talembera inu cifukwa ulendowu ndi wa kuwerenga kokhakokha, kuyambira pa zenera la a Migração mpaka pa kapepala komata pa botolo.

Zipata zathu zitatu

Pakati pa cigawo cino ca Tete ndi Malawi pali zipata zitatu zimene ife timazidziwa. Cacikulu ndi ca Zóbuè, cimene ku Malawi amati Mwanza. Apo ndipo pamadutsa malole ocokera ku Beira ndi ku Zimbabwe opita ku Blantyre. Mzere wake umatha kutalika mpaka woyendetsa kuphika nsima pansi pa lole. Ife a ku Lifidzi tilibe naco nchito, ciri kutali ndipo sicili pa njira yathu.

Caciwiri ndi cathu comwe, ca Calómuè, cimene cimatulukira pa Dedza. Poyerekeza ndi Zóbuè nca bata, komabe pamadutsa malole a ku Lilongwe ndi mabasi a ku Joni. Mukafika basi itangotsitsa anthu makumi asanu ndi limodzi, mudzaima pa mzere, ndipo wa kumbuyo kwanu adzakhala akukupumirani m'khosi.

Cacitatu ndi ca Biri-Biri, m'boma la Tsangano, cimene tsidya linalo amalemba Biriwiri, m'boma la Ntcheu. Ici ndiye cipata ca zii. Magalimoto odutsapo ndi ocepa. Kwa munthu wopita ku Lilongwe njira yake ndi yozungulira, ndipo petulo apita wambiri. Nanga tikucichuliranji? Cifukwa pa cipata copanda phokoso munthu amapeza mpata wowerenga cimene akusaina. Mayi amene waphunzira kulemba dzina lake caka cathaci safuna womufulumizitsa. Akamufulumizitsa dzanja limanjenjemera, napereka pepala kwa mnyamata wosamudziwa woima pakhomo kuti amulembere, ndipo mnyamatayo salemba ulere. Ife tiona kuti gulu lokhala ndi ophunzira licita bwino kulowera pa Biri-Biri, nkudzabwerera pa Dedza, onse atazolowera kale.

Cipata cacing'ono ciri ndi zake. Sicikhala cotsegula usiku, conco funsiranitu nthawi yotsekera ndipo mufike kum'mawa. Musayembekeze kupezapo osintha ndalama ambiri kapena ogulitsa inshuwalansi osankhapo. Makina akazima, mudikira. Koma kudikira pamthunzi anthu ali asanu nkosiyana ndi kudikira padzuwa anthu ali zana.

Wina aseka: ife timaoloka malire tsiku ndi tsiku, popita ku cigayo, ku msika, ku maliro, opanda pepala, lero pasipoti ya ciani? Nzoona. Koma kuyenda pansi kupita ku mudzi wa amalume ndi kwina, kutenga galimoto ya nambala ya ku Mozambiki kunka nayo ku likulu la dziko la eni ndi kwinanso. Pa msewu wa M1 pali zipata za apolisi, ndipo iwo adzafuna kuona cidindo. Ciphaso ca m'malire cija cimene ena amatenga pokagula zinthu pafupi nca maulendo a m'mbali mwa malire momwemo. Wopita ku Lilongwe atenge pasipoti.

Mzere umene unadula mapiri

Mukaoloka pa Biriwiri nkukhotera kumpoto, msewu umayenda m'malire mwenimweni pa mtunda wautali. Pa misika ya pa mphambano ya Tsangano, Mlangeni ndi Lizulu, dzanja lamanja ndi Malawi, lamanzere ndi kwathu. Kacewere, kabici, tomato ndi mapicesi zimene zaunjikidwa m'mbali mwa msewu, zambiri zacokera m'minda ya kuno.

Malirewa anabadwa pa 11 Juni 1891, pamene Angerezi ndi Apwitikizi anasaina pangano logawana dziko. Kuno kumapiri anatsata msana wogawa madzi. Mvula yogwa mbali ina imatsikira ku Linthipe ndi Livulezi kunka ku nyanja, yogwa mbali ino imatsikira ku Revúbuè kunka ku Zambezi pafupi ndi Tete. Pa msanapo anamanga zipilala zokhala ndi manambala. Ogawawo anayang'ana madzi, sanayang'ane anthu. Angoni a kwa Maseko anali mbali zonse ziwiri: Chikuse anakhala kufupi ndi phiri la Dómuè, mwana wake Gomani anaphedwa ndi Angerezi mu 1896 mbali ya ku Ntcheu, ndipo mbumba yawo inagawika pakati pa maboma awiri.

Pa nthawi ya nkhondo msana womwewu unapulumutsa anthu. Pofika 1992 anthu a ku Mozambiki okhala ku Malawi anali ngati miliyoni imodzi, ndipo a ku Angónia ambiri anakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anayamba kubwerera. M'makalasi mwanu muli agogo amene adziwa mtengo uliwonse wa pa Lizulu. Afunseni musananyamuke, ndipo mukafika pamenepo imitsani galimoto, alankhule ndi iwo.

Mapepala a munthu, mapepala a galimoto

Pa cipata ciriconse pali mazenera awiri mbali ino, awiri mbali inayo. Loyamba ndi la anthu: kuno Migração, uko Immigration. Laciwiri ndi la katundu, ndipo galimoto nayo ndi katundu: kuno Alfândega, uko ndi a Malawi Revenue Authority, amene anthu angoti MRA.

Nzika ya Mozambiki sifuna viza polowa m'Malawi kukaceza. Amadinda m'pasipoti, nalemba masiku amene mwaloledwa kukhala. Apa ndipo tipempha kuti muchere khutu. Munthu asacoke pa zenera asanawerenge cidindo cake: tsiku ladindidwalo ndi la lero kodi, ndipo masiku alembedwa angati? Nthawi zambiri sapitirira 30, koma wodinda akhoza kulemba ocepa, malinga ndi zimene mwamuuza. Wopitiriza masiku amalipira cindapusa potuluka, ndipo kunena kuti sindinawerenge sikumuombola.

Cobvuta cathu ife nkuti mbali ino alemba Cipwitikizi, mbali inayo Cingerezi, pamene ife tonse, ndi wodindayo yemwe, tilankhula Cinyanja. Mau ake si ambiri. Apelido ndi Surname ndi cinthu cimodzi, dzina la makolo kapena la mfunda. Nome ndi First name, dzina lako lako. Data de nascimento ndi Date of birth, tsiku lobadwa. Entrada ndi Entry, kulowa; Saída ndi Exit, kutuluka. Assinatura ndi Signature, posaina. Jambulani fomu pa bolodi, mbali ina Cipwitikizi, mbali ina Cingerezi, Cinyanja pakati, ndipo aliyense adzaze yake m'kope, kutengera ndendende momwe dzina lalembedwera m'ciphaso cake. Tikuti ndendende cifukwa munthu mmodzi amatha kukhala João m'ciphaso, Yohane ku mudzi, John kwa abale a ku Dedza. Pa malire ndi João basi, ngakhale amayi ake sanamuitanepo conco.

Manambala nawo ali ndi msampha. Kuno tikalemba cikwi cimodzi ndi mazana asanu timalemba 1.500,00 MT: kadontho kagawa zikwi, kamcira kagawa masentavu. Ku Malawi atembenuza, alemba K1,500.00. Wozolowera mbali imodzi akaona lisiti la mbali inayo amatha kusokonezeka, ndipo wosintha ndalama wacinyengo amadyera pomwepo. Phunziro limodzi la masamu likwanira: lembani mitengo isanu m'njira ziwirizi, ophunzira aiwerenge mokweza. Ndipo posintha mametikali kukhala makwacha, ciwerengero cicitike pa pepala lanu, ndalama muziwerenge nokha, zanu zisanacoke m'manja.

Za galimoto zigwera woyendetsa. Akhale ndi carta de condução yake, livrete ndi pepala la umwini. Ngati galimoto si yake, monga zimakhalira mukabwereka, atenge kalata ya mwini yomuloleza kuturuka nayo m'dziko, yodindidwa. A MRA adzapereka cilolezo colowetsa galimoto kwa kanthawi, cimene aciti TIP. Papepalapo alemba nambala ya galimoto, ya injini ndi ya chasi. Muzifananize ndi za mu livrete cilembo ndi cilembo, pakuti 0 ndi O, 5 ndi S, zimanamiza maso, ndipo wapolisi wa kutsogolo sadzafunsa kuti analakwitsa ndani. Nenaninso pomwepo kuti mudzatulukira pa Dedza. Inshuwalansi ya kuno siyenera kuyesedwa kuti igwira nchito uko. Pafunika yogwira m'Malawi. Ciphaso cacikasu ca COMESA cimene oyendetsa a ku Zambia amayenda naco si ca ife, popeza Mozambiki anaturuka m'bungwelo. Tengani matirayango awiri ndi cobvala conyezimira. Pa M1 palinso zipata zolipira msewu, ca Kalinyeke ku Dedza ndi ca Chingeni kumwera kwa Ntcheu, conco makwacha ena akhale pafupi. Cabwino ncakuti maiko onse awiri ayendetsa kumanzere, ndipo wochi simuisintha.

Lipirani pa zenera, landirani lisiti. Cimene mwalipira popanda lisiti simunalipire boma.

Nanga dziko la mphesa liri kuti?

Tinene poyera: ku Lilongwe simukaona minda ya mphesa yotambalala mpaka ku phiri. Dziko la vinyo lenileni m'cigawo cino ca Afrika liri ku Cape, kumwera kwenikweni kwa South Africa. Kumeneko vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck. Mudzi wa Stellenbosch unakhazikitsidwa mu 1679, munda wa Constantia mu 1685, ndipo mu 1688 kunafika Afalansa othawa mazunzo a cipembedzo amene anakakhala ku Franschhoek. Mu 1971 alimi a ku Stellenbosch anatsegula njira yoti alendo aziyenda pa galimoto munda ndi munda nkumalawa. Mbiriyo iri ndi mbali yake yowawa. Minda yoyamba inalimidwa ndi akapolo, ndipo pambuyo pake anchito ankalandira gawo la malipiro awo mu vinyo. Mcitidwewu unaletsedwa mu 1960 koma unapitirira m'mafamu ena zaka zambiri, nusiya mabanja omangidwa ndi uchidakwa.

Ulendo wa ku Cape ndi wa masiku: Tete, Cuchamano ndi Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Joni, kenaka makilomita ena 1.400. Ngakhale kumeneko nzeru ya cipata ca zii iripo. Oyendetsa ena amathawa mzere wa pa Beitbridge nadzera ku Botswana, kulowa pa Plumtree ndi kutulukira pa Martin's Drift, kulolera mtunda wautali ndi cidindo cina kuti asagone pa mlatho.

Funso limene alimi a m'kalasi adzakufunsani ndi ili: kuno kumazizira, mapicesi ndi mapulamu amabala, bwanji mphesa? Yankho liri pa mvula. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo mphesa zimapsa kuli dzuwa louma, nazichola kuyambira Januwale mpaka Epulo. Kuno mvula imagwa miyezi yomweyo imene mphesa zikadapsa. Cinyezi cimabweretsa nguwi pa masamba, zipatso zimamwa madzi, zimang'ambika, zimaola, ndipo zotsalazo sizitsekemera mokwanira. Mpesa umodzi pa khonde umabala ndithu, koma munda wa vinyo ndi nkhani ina. Ku Dodoma, pakati pa Tanzania, zinatheka cifukwa ndi dziko louma. Amishoni ndiwo anabzala mphesa zoyamba, ndipo alimi a kumeneko amakolola kawiri pa caka.

Akuluakulu a kuno vinyo anamudziwira m'garafau wa malita asanu, pa kantina. Anali wocokera ku Portugal, ndipo wogulitsa kwa anthu akuda anali wa pansi penipeni. Boma la atsamunda linkapondereza mowa wa m'midzi, makamaka kumwera kwa dziko, kuti vinyo wa kwao apeze msika. Ncifukwa cake ambiri mpaka lero ayesa kuti vinyo ndi cinthu cocokera kutsidya kwa nyanja, cosatheka kupangidwa ndi zipatso za pa khomo.

Zimene tikaone ku Lilongwe

Ku Area 3, mbali ya mzinda wakale wa Lilongwe, kuli malo ocedwa Linga, kumene apanga vinyo wa zipatso za m'Malawi momwemo: mapicesi, mapulamu, masitiroberi, mabulosi, magwafa, jambula ndi cidede. Nchitoyi inayambira pa khomo la banja, nikula pang'onopang'ono mpaka mabotolo ake kufika m'masitolo. Si fakitale yoti mungofika nkulowa. Tumizani mau masiku angapo musananyamuke, munene kuti muli angati ndiponso kuti mwadzera kuphunzira.

Kuti ophunzira akamve zimene akaone, afotokozereni za kuwira asanapite. Amayi ofulula mowa wa masese adziwa kale theka lake. M'madzi a cipatso muli shuga. Isiti, tizilombo tosaoneka ndi maso tonga tija totupitsa buledi, timadya shugayo nkutulutsa zinthu ziwiri: ukali wa mowa ndi mpweya. Magalamu ngati 17 a shuga pa lita imodzi amapereka gawo limodzi pa zana la ukali. Conco vinyo wa magawo 12 afuna magalamu ngati 200 pa lita. Mphesa zakupsa bwino ziri naye kale shuga wotere, ndiye cifukwa cake zinatenga ufumu. Mapicesi ali ndi theka lake cabe, ndipo wopanga amaonjezera shuga, moyeza.

Mdani wamkulu ndi mphepo. Mtsuko wowirira uyenera kutulutsa mpweya wake koma osalowetsa wa kunja. Ukalowa, tizilombo tina timasandutsa zonse kukhala viniga. Mdani waciwiri ndi uve, ndipo mukaona kuti nchito yambiri m'nyumba yotere ndi kutsuka. Kenaka pamabwera kudikira: nsenga zikhale pansi, vinyo amutsanulire mu cotengera cina, akhalenso, mpaka ayere. Ndi miyezi imeneyo, si masiku anayi a masese. Kacasu ndi wina: iye amachezedwa pa moto kuti ukali ukwere, pamene vinyo saona moto.

Funsani mafunso a mlimi. Zipatso amagula kuti, mwezi uti, zakupsa motani? Amayeza pa sikelo kapena pa dengu? Zoonongeka pa njira amacita nazo ciani? Wina m'gulu alembe mayankho m'kope. Sitikunena kuti mudzi uliwonse uyambe kupanga vinyo. Kugulitsa cakumwa ca m'botolo kufuna cilolezo ca boma, zipangizo ndi ukhondo umene ambiri sitingaukwanitse lero, ndipo mowa wapasula kale mabanja okwanira kuno. Koma amene waona picesi la Disembala likugulitsidwa mu Julayi amabwerako ndi mafunso ena: za jamu, za kuyanika zipatso, za kugulitsa pamodzi monga gulu m'malo moti mayi aliyense aime yekha pa msewu ndi dengu lake.

Kapepala ka pa botolo nako ndi phunziro. Pali dzina la cipatso, kukula kwa botolo, kumene kawirikawiri ndi 750 ml, ndi nambala yokhala ndi cizindikiro ca %, yonena ukali. Vinyo amatsekemera, salasa pakhosi ngati kacasu, ndipo munthu amayesa ndi thobwa. Koma nambala ija ikuposa kawiri ya mowa wa m'mabotolo wa ku bara. Olawa alawe pang'ono, atadya. Woyendetsa asalawe konse, ngakhale kadontho. Mugulireni botolo akamwere kwao.

Pobwerera mudzere pa Dedza dzuwa likadalipo. Bwezani TIP kwa a MRA, apo ayi m'mabuku mwao galimoto idzaoneka ngati ikadali m'Malawi, ndipo mwini wake adzabvutika ulendo wina. Aliyense adindise kutuluka, aoloke, adindisenso kulowa pa Calómuè. Mabotolo amene mwagula muwaonetse a Alfândega pamodzi ndi malisiti ake. Pali muyeso wa vinyo amene munthu mmodzi wamkulu aloledwa kulowa naye osalipira msonkho, ndipo nkwabwino kuufunsa popita, musanagule. Katoni yathunthu m'dzina la munthu mmodzi aiwerenga ngati malonda.